Matuza m'zikhatho za bambo wa zaka 34: kachilombo ka Coxsackievirus A6 kodziwika powerenga chibadwa chake

Munthu wamkulu akakutambasulira manja, iwe n'kuona madontho ofiira m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi, maganizo amathamangira ku chindoko. Tinaphunzitsidwa choncho, ndipo kawirikawiri maganizowo satinamiza. Bambo amene ndikufotokoza pano analibe chindoko. Anali ndi matenda a zilonda za m'manja, m'mapazi ndi m'kamwa, omwe mabuku a zachipatala amawafupikitsa kuti HFMD, matenda amene ambirife tinawaika kale m'gulu la zovuta za ana osafika zaka 5. Dzina lenileni la kachilombo kake linatuluka iwo atayamba kale kupeza bwino, ndipo silinasinthe mankhwala ngakhale piritsi limodzi. Koma linasintha zimene tinawauza, ndipo ndi chifukwa chake ndalemba lipotili. Wodwalayo ndi akazi awo anavomereza kuti nkhaniyi ilembedwe popanda mayina.

Mmene anabwerera

Ndi bambo wa zaka 34, makaniko, wapabanja, wa ana awiri. Anafika kwa ife tsiku lachisanu chiyambireni kudwala. Ndinawazindikira asanakhale n'komwe pampando, chifukwa ankayenda mopondera m'mbali mwa mapazi ngati munthu wodutsa paminga, nsapato zili zosamanga, manja atawatambasula kutsogolo kuti asakhudze chilichonse. Chitseko anachita kuwatsekulira ndi namwino.

Matendawo anayamba ndi kutentha thupi, kuphwanya m'thupi ndi kuwawa kummero. Tsiku lachiwiri anapita kuchipatala china chaching'ono komwe anawapatsa amoxicillin. Tsiku lachitatu m'zikhatho munayamba kuotcha ndi kuyabwa, kenako kunatuluka timadontho tofiira. Pofika tsiku lachinayi timadonthoto tinali titasanduka matuza, ndipo zidzolo zinali zitafika kuseri kwa manja, m'mikono, kuzungulira pakamwa, m'mutu ndi m'matako. Atabwerera kuchipatala chija anauzidwa zinthu ziwiri: mwina thupi ladana ndi amoxicillin, kapena ndi matenda opatsirana pogonana. Anawasiyitsa mankhwalawo n'kuwauza kuti abwere ndi akazi awo kudzabayitsa jakisoni. Uthenga wachiwiriwo ndi umene unafika kunyumba.

"Adokotala, mundiuze zoona basi," anatero ndisanafunse kanthu. "Mayi akunyumba sakundilankhula kuyambira dzulo."

Analibe matenda ena okhalitsa, sankamwa mankhwala ena alionse, ndipo anali asanadwalepo matenda a khungu. Amoxicillin anamwapo kangapo m'mbuyomu popanda vuto. Katsabola anadwala ali mwana. Anakana zoti anali ndi chibwenzi chamseri, sanayende ulendo, sanakhudze ziweto, ndipo kuntchito sanagwire mafuta kapena mankhwala achilendo. Nditafunsa za ana anayankha mwachidule kuti onse ali bwino. Apa ndinalakwitsa, chifukwa ndinalandira yankholo n'kupitirira. Funso loti "ana ali bwanji?" limayankhidwa ndi za lero. Ndikanafunsa kuti "m'masabata awiri apitawa, alipo amene anatentha thupi kapena kukana kudya?" nkhani yonse ikanatuluka m'mphindi zisanu zoyambirira.

Inatuluka masana, akazi awo atafika. Anakhala kumapeto kwa benchi, maso ali kukhoma. Nditawafunsa za mwana wamng'ono, wa zaka 2, anatembenuka. Masiku asanu bambowo asanadwale, mwanayo anatentha thupi usiku umodzi, ankachucha dovu ndi kukana chakudya, ndipo m'matako munatuluka tizidzolo tomwe iwo anayesa kuti ndi thewera lamuotcha. Patapita masiku awiri anali akusewera. Kusukulu ya mkaka kumene amapita kunali ana ena awiri kapena atatu amene anajomba sabata yomweyo. Usiku wa kutentha thupiwo mayi anali kuntchito, ndiye amene anasintha matewera ndi kupukuta dovu anali bambo.

Zimene tinapeza powayeza

Thupi linali lotentha madigiri 37.9, mtima ukugunda ka 92 pa mphindi, BP 124/78, mpweya m'magazi 98 peresenti. Ankaoneka otopa koma maganizo ali bwinobwino. Khosi silinali louma, mphamvu m'manja ndi m'miyendo zinali zofanana, mtima ndi mapapo zinkamveka bwino. M'khosi munali timwanabere ting'onoting'ono towawa pang'ono.

M'kamwa munali tizilonda pafupifupi 10, ta mamilimita 2 mpaka 4, tosazama, totuwa pakati ndi tofiira m'mbali, kumtunda chakummero, m'mbali mwa lilime ndi m'masaya. Kuzungulira milomo kunali tiziphuphu tokhala ndi nkhanambo. M'zikhatho ndi m'mene munali nkhani. Madontho ambiri anali ofiira moderako, ena ofiirira ngati magazi aundana pansi pa khungu, ndipo pakati pawo panali matuza otuwa, osati ozungulira koma otalikirako ngati kambewu, atagona motsata mizere ya chikhatho. Anali okhazikika mkati mwa khungu, osaphulika msanga ukawadina, koma owawa kwambiri. Kunsi kwa mapazi ena anali ataphatikizana n'kupanga matuza aakulu, lalikulu kwambiri lofika masentimita 2 pachidendene chakumanja. Zidzolo zinaliponso kuseri kwa manja ndi mapazi, m'mawondo, m'matako ndi pang'ono pakhungu la machende. M'mutu munali nkhanambo zachikasu. Pamimba ndi pamsana panali pafupifupi poyera. Maso anali abwino, kumaliseche kunalibe chilonda, ndipo khungu silinkasupuka ukalikhuza ndi chala.

Zimene tinaganizira

Chindoko cha gawo lachiwiri sitikanachitaya popanda kuyeza, koma zidzolo zake mwa munthu wamkulu sizikhala matuza ndipo siziwawa chonchi. Kudana ndi mankhwala, makamaka mtundu woopsa wa Stevens-Johnson, kunatidetsa nkhawa kwambiri kuposa chindoko, chifukwa kumeneko munthu amafa. Komabe nthawi sinkagwirizana, popeza zidzolo zinayamba patangopita tsiku limodzi chiyambireni amoxicillin, maso anali osakhudzidwa, ndipo milomo sinali yonyeka. Matenda ena a khungu otchedwa erythema multiforme amakhala ndi mabala a mizere yozungulirazungulira, ndipo sitinapeze ngakhale limodzi looneka choncho bwinobwino. Katsabola amachuluka pachifuwa ndi pamsana n'kuchepa kumanja ndi kumapazi, pomwe apa zinali zosiyana. Mpox imatha kugwira zikhatho, pakamwa ndi kumaliseche, choncho inalowa m'gulu la zoyeza, pamodzi ndi herpes, chinzonono chofalikira m'magazi, ndi HIV yongolowa kumene.

Magazi anaonetsa kuti maselo oyera, maselo ofiira ndi mapulateleti zili bwino, impso ndi chiwindi chimodzimodzi, ndipo CRP, yomwe imakwera thupi likamalimbana ndi matenda, inakwera pang'ono chabe. RPR, mayeso a magazi ofufuza chindoko, sinapeze kanthu. Tinapempha kuti aibwereze magaziwo atawasungunula, chifukwa pa chindoko cha gawo lachiwiri asilikali a m'thupi amatha kuchuluka mpaka kusokoneza mayesowo n'kuoneka ngati palibe matenda. Sinapezenso kanthu, ndipo TPHA, mayeso ena a chindoko, inavomereza zomwezo. HIV sinapezeke. Zotsatira zimenezi zinatuluka tsiku lomwelo, ndipo ndinawauza onse awiri ali pamodzi, mwadala.

Kulabotale: kuchoka pa "enterovirus" kufika pa dzina

HFMD imayambitsidwa ndi tizilombo ta gulu la enterovirus, choncho tinatenga masampulo atatu kwa bambowo. Loyamba linali la timadzi ta m'matuza. Tinasankha thuza latsopano la kuseri kwa dzanja, n'kulitsekula ndi singano yoyera, kenako kupukuta pansi pake mwamphamvu ndi kathonje kapamtengo. Ambiri amangonyowetsa kathonjeko m'timadzi n'kusiya poopa kumupweteka wodwala, koma tizilombo timakhala m'maselo a pansi pa thuza, ndiye pamafunika kukhuza ndithu. Lachiwiri linali la kummero, lachitatu la chimbudzi. Kwa mwana, yemwe anali atachira kale, tinatenga chimbudzi chokha, chifukwa tizilombo ta gululi timatha kupezeka kummero kwa sabata imodzi mpaka atatu, koma m'chimbudzi timakhalamo masabata angapo. Zonse zinaikidwa m'timabotolo ta madzi osungira mavairasi ndi kutumizidwa zili zozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8, ku labotale yaikulu.

Kuti zotsatirazo zimveke, ndiyenera kufotokoza pang'ono za kapangidwe ka kachilomboka. Ma enterovirus ndi a m'banja la Picornaviridae, limodzi ndi kachilombo ka poliyo. Chibadwa chawo ndi chingwe chimodzi cha RNA cha zilembo pafupifupi 7,400. Kumayambiriro kwa chingwecho kuli chigawo chotchedwa 5'UTR, chomwe sichipanga puloteni koma chimathandiza kachilombo kulanda makina a selo. Chigawo chimenechi chimafanana kwambiri pakati pa ma enterovirus onse. Kutsogolo kwake kuli malangizo a mapuloteni anayi a chigoba cha kachilombo, VP4, VP2, VP3 ndi VP1, ndipo pambuyo pake pali a mapuloteni ochulukitsa kachilomboko. VP1 ndi imene imaonekera kwambiri kunja kwa chigoba, pamalo pomwe asilikali a m'thupi amagwira, choncho mtundu uliwonse uli ndi VP1 yakeyake.

Ndiye kuyeza kumachitika pawiri. Koyamba ndi real-time RT-PCR, njira yochulukitsa kachigawo ka chibadwa cha kachilombo mpaka kaoneke, yoyang'ana 5'UTR. Imeneyi ndi yachangu komanso imagwira ngakhale tizilombo tochepa, koma yankho lake ndi lakuti enterovirus ilipo kapena palibe, basi. Zili ngati kudziwa mfunda wa munthu osadziwa dzina lake, m'banja la anthu oposa 100. Nthawi zina imagwiranso ma rhinovirus oyambitsa chimfine, omwe ndi abale ake apafupi, ndiye sampulo la kummero lokha likhoza kukunamiza. Kwa bamboyu masampulo onse atatu anaonetsa enterovirus: la m'thuza pa Ct 22, la chimbudzi pa Ct 29, la kummero pa Ct 35. Nambala ya Ct ikachepa ndiye kuti tizilombo tinalimo tambiri. Sampulo la m'thuza lomwelo linayezedwanso herpes, katsabola ndi mpox, ndipo zonse sizinapezeke. Chimbudzi cha mwana chinaonetsa enterovirus pa Ct 27. Zimenezi tinazilandira patapita masiku atatu.

Pali chifukwa chimene sampulo la m'thuza limaposera enawo, kupatula kuchuluka kwa tizilombo. Munthu wabwinobwino, makamaka mwana, akhoza kukhala ndi enterovirus m'chimbudzi popanda matenda alionse, mwinanso yotsalira pa matenda a mwezi watha. Ukaipeza m'chimbudzi umangodziwa kuti inadutsamo. Ukaipeza mkati mwa thuza umadziwa kuti ndi imene yachita zimene ukuonazo.

Kuyeza kwachiwiri ndi kuchulukitsa kachigawo ka VP1 n'kuwerenga zilembo zake. Labotaleyo imagwiritsa ntchito njira imene Nix, Oberste ndi Pallansch a ku CDC, bungwe loona za matenda ku United States, anafalitsa mu 2006. RNA imasandutsidwa DNA, kenako imachulukitsidwa maulendo awiri, ulendo wachiwiri ukutenga kachigawo ka mkati mwa choyambacho, n'kutsala ndi kachidutswa ka zilembo pafupifupi 350. Kachidutswako kamawerengedwa ndi njira ya Sanger kuchokera mbali zonse ziwiri. Zilembo zikatuluka zimayerekezedwa ndi zimene zili mu GenBank, nkhokwe ya pa intaneti ya zilembo za chibadwa, kudzera pa pulogalamu yoyerekezera ya BLAST, komanso pa pulogalamu ya pa intaneti ya RIVM, bungwe la zaumoyo la ku Netherlands, yozindikirira mitundu ya enterovirus. Muyezo wake unachokera ku ntchito ya Oberste ndi anzake ya mu 1999: VP1 ikafanana ndi ya mtundu wodziwika pa zilembo 75 mwa 100 zilizonse kapena kuposa, ndiye kuti ndi mtundu womwewo.

Sampulo la kummero linakanika pa siteji imeneyi. Tizilombo tinalimo tochepa, ndipo chimene chinatuluka chinali kamzere kozimiririka kosawerengeka. Izi sizachilendo. VP1 imasiyanasiyana kwambiri moti zoyambira zake zochulukitsira sizigwira mwamphamvu ngati za 5'UTR, ndiye sampulo lofooka limatha kuoneka pa mayeso oyamba n'kusowa pa achiwiri. Tikanatumiza la kummero lokha, monga momwe timachitira tikatanganidwa, lipotili likanathera pa mawu oti "enterovirus". La m'thuza ndi la chimbudzi cha bambo anawerengeka bwino, la mwana chimodzimodzi. Onse atatu anali Coxsackievirus A6, wa mzere wa D3, umene wakhala ukufala kwambiri padziko kuyambira cha m'ma 2008. Zilembo za bambo ndi za mwana zinali zofanana ndendende pa kachigawo konse kamene kanawerengedwa. Yankho limeneli linatipeza pa tsiku la 16 chiyambireni matenda.

Kufanana kumeneku kuli ndi malire ake. Zilembo 350 ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 20 a chibadwa chonse, ndipo matenda akabuka m'dera, anthu osadziwana n'komwe akhoza kukhala ndi kachigawo kofanana ndendende. Zilembozo sizinena kuti ndani anapatsira mnzake. Chimene chikuloza kwa mwana ndi nthawi: anayamba ndi iye, bambo anagwira matewera ndi dovu, ndipo anadwala patapita masiku asanu, pomwe matendawa amabisala m'thupi masiku 3 mpaka 6. Chibadwa chinangovomereza zimene mayi anali atanena kale pabenchi paja.

Chithandizo ndi mmene anachirira

Palibe mankhwala opha kachilomboka. Sitinawagoneke, chifukwa ankatha kumwa madzi ndipo mkodzo unkatuluka bwino. Tinawapatsa paracetamol ndi ibuprofen, mankhwala ochukucha m'kamwa ochititsa dzanzi oti azigwiritsa ntchito asanadye, ndi mafuta ofewetsa khungu. Thuza lalikulu la pachidendene tinalichotsa madzi ndi singano yoyera koma khungu la pamwamba tinalisiya kuti liphimbe chilonda. Maantibayotiki sitinapereke, jakisoni wa penicillin sanabayidwe, ndipo m'buku lawo la kuchipatala tinalemba momveka kuti zidzolozi si umboni woti amadana ndi amoxicillin. Mawu oti munthu amadana ndi penicillin akangolembedwa amamutsatira moyo wonse, ndipo tsiku lina adzamanidwa mankhwala amene akanamuthandiza.

Tinawauza zizindikiro zoti akaziona abwere nthawi yomweyo: mutu waukulu, kuuma khosi, kugona kwambiri, kufooka kwa dzanja kapena mwendo, kupweteka pachifuwa, kubanika. Pa ukhondo tinatsindika kusamba m'manja ndi sopo akachoka kuchimbudzi ndi akasintha thewera, ndiponso kupukuta pamalo ndi madzi a klorini. Bambowo anatulutsa kabotolo ka sanitaiza m'thumba n'kundionetsa monyadira. Ndinawauza kuti kachilomboka kalibe chikuto chamafuta chomwe mowa wa mu sanitaiza umasungunula, choncho sanitaiza yekha sakwanira. Anakabweza m'thumba mwakachetechete.

Kutentha thupi kunatha tsiku la 6, zilonda za m'kamwa zinapola pofika tsiku la 10, ndipo matuza anauma n'kusanduka mabala oderako. M'sabata yachitatu khungu la m'zikhatho ndi kumapazi linayamba kusupuka zikuluzikulu, ngati munthu akuvula magolovesi ong'ambika, pansi pake pali khungu latsopano lofewa lomwe silinkapirira sipanala. Anabwerera kuntchito patapita milungu itatu.

Pa ulendo wa tsiku la 18, zotsatira za VP1 zili m'manja, ndinawachenjeza kuti mwina zikhadabo zina zidzachoka pakapita mwezi umodzi kapena iwiri, kuti sizidzawawa, ndipo zidzameranso zokha. Anandiyang'ana ngati ndikucheza. M'sabata yachisanu ndi chimodzi anabwera akuseka, atanyamula chala m'mwamba. Zikhadabo zinayi za m'manja ndi ziwiri za kumapazi zinali zitalekana ndi khungu kuyambira kutsinde, zina zitatu zili ndi mzere wokumbika wopingasa. Kwa mwana chinachoka chimodzi, cha chala chachikulu. Mayi ananena poyera kuti akanapanda kuuzidwa pasadakhale, akanatenga onse awiri n'kuyamba kuzungulira nawo kufuna thandizo.

Kukambirana

Matendawa anafotokozedwa koyamba mu 1957, ku New Zealand ndi ku Toronto m'dziko la Canada, komwe kachilombo ka Coxsackievirus A16 kanapezeka mwa odwala. Dzina lomwe tikuwadziwa nalo linabwera atabuka ku Birmingham ku England mu 1959. Mawu oti Coxsackie ndi dzina la tauni ya m'chigawo cha New York, kumene kunachokera ana omwe Gilbert Dalldorf ndi Grace Sickles anawapeza ndi tizilombo ta gululi koyamba, nkhani imene inafalitsidwa mu 1948. Dzina la matendawa limasokoneza anthu ndi matenda a ng'ombe a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Kachilombo ka ng'ombeko ndi ka m'banja lomwelo koma ka gulu lina, Aphthovirus, ndipo HFMD sichokera ku ziweto.

Kwa zaka zambiri mayina awiri ndi amene ankamveka, A16 ndi Enterovirus A71. A16 imabweretsa matenda ofatsa aja a m'mabuku. A71, yomwe inapezeka koyamba ku California mu 1969, ndi imene imaopsa chifukwa imatha kugwira ubongo n'kudzaza madzi m'mapapo. Inapha ana ku Sarawak m'dziko la Malaysia mu 1997, ku Taiwan mu 1998 komwe kunafa anthu 78, pafupifupi onse ana, ndi ku Fuyang m'dziko la China mu 2008. Dziko la China linavomereza katemera wa A71 kumapeto kwa 2015, koma katemerayo sateteza ku A6 kapena A16.

A6 inali yodziwika kale, makamaka ngati choyambitsa zilonda za kummero mwa ana, mpaka mu 2008 pamene inabukitsa HFMD ku Finland ndipo madokotala anayamba kuona zikhadabo zikuchoka. Inaonekeranso kwambiri ku Japan mu 2011. Ku United States, CDC inalengeza za anthu 63 a ku Alabama, California, Connecticut ndi Nevada omwe anadwala pakati pa Novembala 2011 ndi Febuluwale 2012, ndipo 15 mwa iwo anali akuluakulu. Chiwerengero chimenecho ndi chimene chinadzutsa anthu, chifukwa munthu mmodzi mwa anayi alionse sanali mwana. Maonekedwe ake ndi omwe tinaona kwa bamboyu: zidzolo zopyola malo atatu a m'dzinalo, matuza aakulu, madontho ofiirira m'zikhatho, nkhanambo kuzungulira pakamwa ndi m'mutu, kenako kusupuka khungu ndi kuchoka kwa zikhadabo, komwe dzina lake la zachipatala ndi onychomadesis. Mwa anthu a matenda a khungu a eczema tizilomboti timaunjikana pamalo odwala kale n'kufanana kwambiri ndi herpes, zomwe zimatchedwa eczema coxsackium. Chitetezo chimene munthu amapeza akadwala mtundu umodzi chimakhala cha mtunduwo, choncho kudwala A16 ali mwana sikumuteteza ku A6 ali ndi zaka 34.

Kale dzina la kachilombo linkapezeka pokameretsa m'maselo a mu labotale ndi kukayesa ndi asilikali a m'thupi odziwika kale, ntchito ya masabata angapo. Mitundu ingapo ya Coxsackievirus A, kuphatikizapo A6, imavuta kumera m'maselo otero, ndipo akale ankachita kubaya tiana ta mbewa tongobadwa kumene. Labotale yodalira kumeretsa, kapena yokhala ndi PCR yongofunafuna A71 ndi A16, imaphonya A6 n'kuilemba kuti "enterovirus ina". Kuwerenga VP1 ndi kumene kunachititsa kuti A6 ioneke mmene yafalira. Nayonso njirayi ili ndi polekezera. Ma enterovirus awiri akakumana m'selo imodzi amatha kusinthana zigawo za chibadwa, makamaka za kumbuyo zomwe sizikhudza chigoba, ndipo A6 yachita zimenezi kambirimbiri. Tizilombo tiwiri tikhoza kukhala ndi VP1 yofanana koma chakumbuyo kwake n'kusiyana. Wofuna kuona zimenezo ayenera kuwerenganso chigawo chakumbuyo chotchedwa 3D kapena chibadwa chonse, zomwe ife sitinachite chifukwa funso lathu silinafike kumeneko.

Mnzanga wina wa pantchito anandifunsa mosabisa kuti tinapindulanji ndi yankho lofika wodwala atachira. Funsolo ndi loona, ndipo sindinganene kuti wamkulu aliyense wa matuza m'manja ayenera kuwerengedwa VP1. Amene ali ndi maonekedwe odziwika bwino, mwana wodwala ali pakhomo, ndipo RPR ndi HIV zayezedwa, akhoza kuthandizidwa popanda PCR iliyonse. Ine ndimatumiza sampulo pamene zidzolo zili zachilendo moti mpox, herpes kapena kudana ndi mankhwala sizikuchoka m'maganizo, pamene pali zizindikiro za ubongo kapena mtima, pamene wodwala ndi mayi woyembekezera amene watsala pang'ono kubereka kapena munthu wa chitetezo chofooka, ndi pamene odwala ayamba kubwera motsatizana kuchokera pamalo amodzi. Pomalizapa dzina limakhala ndi ntchito yoposa wodwala mmodzi. Kusukulu ya mkaka kukakhala A71, ana ake amafunika kuwayang'anira ndi diso lina kusiyana ndi kukakhala A6. Kwa ife yankho litangofika tinadziwitsa a zaumoyo oyang'anira deralo, ndipo iwo analankhula ndi aphunzitsi za kusamba m'manja, kutsuka zidole ndi malo osinthira matewera.

Kwa bamboyu phindu linali la pafupi. RPR inachotsa chindoko koma sinanene chomwe chinalipo, ndipo munthu amene wauzidwa kuchipatala kuti mwina mwamuna wake wabweretsa matenda sakhutira ndi mawu oti "sitinapeze kanthu". Pepala lokhala ndi dzina limodzi pa sampulo la bambo ndi la mwana ndi limene mayi anapempha kuti tiwajambulire kope lawo.

Bambowo ndinawaona komaliza patapita miyezi isanu. Khungu la m'zikhatho linali litabwerera mwakale, zikang'a za ntchito zitayambanso kumera, ndipo mabala oderako a m'mikono ankangooneka ukayang'anitsitsa. Zikhadabo za m'manja, zomwe zimakula pafupifupi mamilimita 3 pa mwezi, zinali zitatsala pang'ono kufika kunsonga, kamzere kopingasa kaja kali pafupi kudulidwa. Za kumapazi zimachedwa, ndipo chikhadabo cha chala chachikulu chakumanja chinali chisanafike n'theka lomwe. Tinabwereza RPR ndi HIV monga tinapangana, ndipo sizinapeze kanthu.